Mphenzi Imayenda M'mawaya

Anzanga alimi, dzinja layandikira, ndipo ndifuna kukuuzani chimene ndinaona ndi maso anga ndili mnyamata wa ku sekondale. Masiku amenewo ndinali kukhala ndi amalume, amene anali kalaliki pa ofesi ina ya zaulimi. Mu ofesimo munali kompyuta ndi kabokosi kotchedwa modemu. Ntchito ya kabokosiko inali kusandutsa malemba a m'kompyuta kukhala kaphokoso kolira, ndipo kaphokosoko kanali kuyenda m'mawaya a lamya kufikira ku mzinda. Motero kalata inali kufika tsiku lomwelo.

Tsiku lina mu Januwale kunachita mdima wa mvula. Amalume anazimitsa kompyuta, nakhoma chitseko, napita kunyumba mtima uli m'malo. Usiku kunagunda mabingu oopsa. M'mawa mwake tinapeza modemu itafa, ikununkha ngati mphira wopserera. Tsono sabata yomweyo ntchemberezandonda zinalowa m'minda, ndipo kalata yopempha mankhwala inachita kuyenda pa basi. Pamene mankhwala anafika, chimanga cha mabanja ena chinali chitadyedwa kale. Anthu anayamba kunong'onezana kuti alipo wakaduka amene anatumiza mphenziyo.

Wokonza lamya atafika anati kwa amalume, "Bambo, palibe anakulodzani apa. Munatseka khola kumaso, koma kumbuyo munasiya mpata." Anatilongosolera kuti mawaya a lamya amanyamula magetsi ochepa, ma volt ngati 48, ndipo modemu inapangidwa molingana ndi mphamvu yotero. Koma mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya, ngakhale kutali ndi nyumba, imakankhiramo ma volt zikwizikwi, ndipo mphamvuyo imathamanga kufikira pamene waya wathera. Kuzimitsa kokha sikunathandize, pakuti waya wa lamya unali chilumikizire.

Kuyambira pamenepo amalume sanali kuweruka asanazule mawaya onse awiri, wa lamya ndi wa magetsi. Anaikanso kachipangizo kotayira m'nthaka mphamvu yopyola muyeso. Koma wokonzayo anachenjeza kuti kameneka kamathandiza pokhapokha waya wake wolowa m'nthaka uli bwino, ndiponso sikangalimbane ndi mphenzi yogwa pa nyumba penipeni.

Lero mamodemu otere anatha ntchito, koma mawaya achuluka m'midzi mwathu kuposa kale: a magetsi, a sola, ndi a pamlongoti wa wailesi kapena kanema. Njira ya mphenzi ndi yomweyo. Choncho mitambo ikangoyamba kuda, zulani mapulagi ndi waya wa pamlongoti mabingu asanayambe, chifukwa kugwira mawaya mphenzi zikung'anima ndi kuika moyo pachiswe. Musalankhule pa foni imene ili pa chaja ya kukhoma.

Phunzitsaninso ana kuwerenga kuyambira pa kung'anima kufikira pa kugunda kwa bingu. Masekondi 3 ndiye kuti mphenzi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Koma bingu likangomveka, ngakhale kutali, loŵani m'nyumba. Likaleka, dikirani mphindi 30 musanalumikizenso mawaya kapena kubwerera kumunda.

Wailesi yanu munaigula ndi mtedza wa chaka chathunthu, ndipo kuzula pulagi sikulira ngakhale tambala imodzi. Ikapsa musaloze chala agogo a pa nyumba yoyandikana nayo. Yambani mwafunsa amene anasiya waya chilumikizire. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amalume anga anachiona, ndipo ine ndakuuzani mvula isanagwe.