Kwa mphwanga, pa za chipewa chija

Kasiya, Okutobala

Wokondedwa mphwanga,

Mayi ako andiuza kuti kusukuluko chipewa chakhonde chija unachipinda n'kuchibisa m'chikwama, ndipo masana ukumamenya mpira utavala jezi ya manja aafupi. Akuti ukumati khungu lizolowera. Mawu amenewa ndi amene andigwiritsa cholembera.

Khungu lako silingazolowere dzuwa, mphwanga. Anzakowo ali ndi melanini, chimene chimadetsa khungu, ndipo ameneyu amatchinga cheza cha dzuwa chotchedwa UV. Iwe wachialubino melanini uli naye wochepa zedi. Kufiira kumene umaona madzulo, kusupuka kwa kukhosi, milomo yong'aluka, konseko n'kupsa. Pamwamba pamapola, koma kuonongekako kumatsalira m'kati, kumaunjikana chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina patuluka bala losapola. Abale athu ambiri achialubino khansa yapakhungu imawapeza ali m'zaka za m'ma 20 kapena 30, pamene angoyamba kumene kulera ana. Dzuwa lowapsereza linali la msinkhu wakowu.

Kumayiko a azungu achinyamata amachita kulipira kuti agone m'makina otulutsa UV, ati khungu lidereko. Mu 2009 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika makinawa m'gulu la zoyambitsa khansa limodzi ndi fodya. Dziko la Brazil linawaletsa chaka chomwecho. Ku England kuyambira 2011 mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kulowamo, ndipo ku Australia malo ochitira malonda amenewa anatsekedwa. Maboma analowererapo chifukwa anaona kuti woyamba kudziotcha ali wamng'ono ndiye amene khansa imamulondola kwambiri. Tsono ana amenewo khungu lawo n'lolimba kuposa lako. Kuno kulibe phungu amene angaletse dzuwa la Okutobala, n'chifukwa chake nkhani ya chipewayi sindikuipeputsa.

Ndikudziwa kuti chakuvulitsa chipewa ndi pakamwa pa anzako. Zimawawa, sindikana. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe, munthu wachialubino, kukhala phungu wawo. Usadzione ngati uli wekha. Mpira menya ndithu, koma madzulo dzuwa litapendeka.

Kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko funa mthunzi. Kapusi siithandiza, imasiya makutu ndi khosi pamtetete, kumene khansa imakonda kuyambira. Vala malaya a manja aatali ndi buluku lalitali. Mafuta ako akhale olembedwa SPF 50, udzole kumaso, m'makutu, kukhosi ndi kuseri kwa manja, ndipo dzolanso pakatha maola awiri aliwonse komanso ukatuluka thukuta. Mafuta wamba a m'golosale sateteza chilichonse. Akatha kuchipatala, monga zimachitikira nthawi zina, undiuze msanga tikafunse kwa a bungwe la anthu achialubino la APAM, usangokhala chete.

Ukabwera patchuthi cha Disembala tidzakhala tikuoka fodya ndi kupalira chimanga. Mitambo isadzakunamize, UV imadutsa. Ndagwirizana kale ndi mayi ako kuti iwe uzidzalawirira m'mamawa n'kuweruka 9 koloko, zotsalazo ndi za pakhonde ndi m'chigafa. Za ganyu ya tsiku lonse m'minda ya anthu ndakana, ndalama ya sopo ndidzakupatsa ine.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi kankhanambo kamene mayi ako anakaona pakhutu lako lamanzere. Usakatong'ole, usapakepo phulusa kapena mankhwala achikuda. Kakadali kakang'ono madokotala amakaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri, kamayoyoka. Kakakula pamafunika opaleshoni kuchipatala cha Central. Usadikire tchuthi. Pempha chilolezo kwa ahedi sabata ino, undiimbire foni, ndidzakutenga pa njinga yamoto tipite kuchipatala cha Kabudula akakaone. Akatitumiza ku Lilongwe, ndalama ya thiransipoti ndasunga kale.

Ndine malume ako.