Chitsononkho pamsana pa alamu

Moni wa m'mawa ku Chitipa umafunsa za tulo. "Mwaghona," anatero mayi wogulitsa nthochi nditangotsika Sienta padepoti, titakwera mapiri makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Karonga. Achemwali anga, omwe anakwatiwa kuno, anandilandira chikwama n'kunong'ona: "Achimwene, amagona ndi ena. Kwathu mukadzionere nokha."

Nyumba yawo ili kuseri kwa msika wa paboma, pamalo amene atsamunda ankawatcha Fort Hill. Unali mwezi wa June, mphepo yolowa m'mafupa. Alamu anga amayendetsa lole, kukatenga chimanga ku Kameme, nthawi zina khofi ku Misuku. Madzulo amenewo anasinza nsima ili m'manja.

Anandiyalira pabalaza. Khoma la chipinda chawo silifika kudenga, choncho ndinamva zonse. Mkonono unayamba ngati chigayo cha dizilo, kukwera, kukwera, kenaka zii. Ndinawerenga chamumtima mpaka 23. Ndiye kunamveka kubanika ngati kwa munthu wovuuka m'madzi, bedi n'kulira, chigayo n'kuyambanso. Pakati pausiku ndinamva achemwali akuti, "Bambo a ana, tembenukani." Akhala mlonda wa mpweya wa amuna awo zaka zitatu, ndipo abale ena anayamba kale kunena zoti pali amene amawakhala pakhosi usiku.

Kutacha tinayenda wapansi kupita ku chipatala cha boma, kudutsa akabaza a njinga zamoto ndi mashopu odzaza katundu wochokera ku Tunduma. Alamu ankadandaula mutu ndi kuuma kukamwa. Dokotala amene anationa anafunsa kwambiri achemwali kuposa mwini matenda, ndipo anachita bwino, popeza wamkonono sadzimva. Anawayeza BP, nayipeza yokwera. Anawaunika kukhosi ndi tochi, n'kuyang'ana khosi lawo lonenepa lija.

Matendawa pa Chingerezi amati sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imafooka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Akasiya kupuma masekondi 10 kapena kuposa, madokotala amawerenga kamodzi. Zikamachitika ka 30 pa ola limodzi, matenda afika poipa. Ubongo umamudzidzimutsa kuti apume, iye osadziwa, ndiye amadzuka wotopa ngati walima usiku wonse. Mtima nawo umavutika, BP imakwera, ena mpaka kufa ziwalo. Ine maganizo anali pa lole yodzaza matumba ikutsetsereka m'makhotakhota a msewu wa ku Misuku, dalaivala zikope zikulemera.

Mankhwala odalirika alipo. Ndi makina otchedwa CPAP, amene Colin Sullivan anayamba kugwiritsa ntchito ku Sydney mu 1980. Munthu amavala chophimba pamphuno, makinawo n'kumamupopera mpweya pang'onopang'ono kuti khosi lisatsekeke. Ku Malawi nzeru imeneyi si yachilendo: makina a Pumani, amene anayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mogwirizana ndi Rice University, amathandiza makanda obadwa masiku osakwana m'njira yofanana. Koma a munthu wamkulu ndi ena. Wodwalayo ayenera kuyezedwa kaye atagona usiku wonse, ku mizinda ikuluikulu, makinawo kugula kunja, ndipo amafuna magetsi mpaka kucha. Alamu anawerengera ndi zala: thiransipoti, malo ogona, makina, sola, batire. Anangoti, "Ndiye ndigulitse lole?"

Dokotala sanawanamize kuti pali njira yachidule. Anawalembera mankhwala a BP ndi kalata yoti akaonedwe ku Mzuzu Central Hospital. Poyembekezera zimenezo anawapatsa ntchito yogwira okha: mowa wa madzulo ausiye chifukwa umafoola khosi, mapiritsi ogonetsa asawayerekeze, nsima aichepetse thupi litsikeko, ndipo asamagone chagada. Pa lole anawauza mosapsatira kuti tulo tikawapeza aime.

Za chagadazo n'zimene zinatifikitsa kwa telala wa pakhonde la sitolo ina mumsika. Achemwali anatulutsa malaya akale a alamu n'kupempha thumba lakumsana, pakati pa mapewa. Telalayo anaimitsa mashini n'kutiyang'ana. Atamva kuti mulowa chitsononkho cha chimanga choti chiziwabaya alamu akafuna kugona chagada, anaseka mpaka misozi, koma anasoka molimba, mizere iwiri. Azungu amaikamo mpira wa tenesi. Kuno zitsononkho zili mbwee pankhokwe iliyonse.

Madzulo tinaika njerwa ziwiriziwiri pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu. Usiku umenewo chigayo chinalirabe, koma chapansipansi, ndipo zii uja ndinamumva kanayi kokha ndisanagone. Chitsononkho sichichiza munthu amene matenda ake ndi aakulu, ndipo alamu ndinawauza zimenezo m'maso muli gwa. Anandilonjeza kuti ku Mzuzu apita akangotha kututa chimanga cha anthu. Achemwali akuti kalata ija aisunga okha m'chikwama chawo cha kutchalitchi.

Inu amene mumagona pafupi ndi munthu wamkonono, usiku uno mvetserani pamene mkononowo wadukira, muwerenge. Mukapitirira 10 kangapo, mawa mupite naye kuchipatala, ndipo mukalowe naye limodzi kwa dokotala.