Zomwe Tidamva ndi Makutu

Sendezani mipando kuno, adzukulu anga, wina asonkhezerenso motowo, chifukwa ine ndikayamba nkhani ya kanema sindithamanga. Inu mudabadwa zithunzi zikuyenda kale m'manja mwanu, koma ife tidakula m'dziko lopanda wailesi yakanema. TVM idayamba kuonetsa mu 1999, ine imvi zitayamba kale kutuluka m'mbali mwa makutumu. Zazikulu zonse zomwe zidachitika padziko tili anyamata tidazimva ndi makutu basi, pa kawailesi ka Nzeru kamene kankakhala pamwamba pa kabati katafunditsidwa kansalu koluka, mabatire ake tikuwayanika padzuwa masana kuti madzulo atilankhulireko pang'ono.

Kanemayo ankabwera ndithu, koma mwa apo ndi apo, nthawi ya chilimwe misewu itauma. Inkafika galimoto ya boma itanyamula chinsalu choyera ndi jenereta, ndipo mbiri yake inkatsogola, moti amayi ankaphika nsima dzuwa likadali m'mwamba, mbuzi zikulowetsedwa m'khola nthawi isanakwane, ife tikudzaza matumba a kabudula ndi chimanga chokazinga. Madala ankati kwabwera baisikopo. Tinkayala mphasa pabwalo la sukulu, fungo la mafuta a jenereta likusakanikirana ndi fumbi ndi utsi wa chingambwe, n'kumaonera Kamuzu akuyendera minda, amayi akumuvinira, kenako mlangizi akuphunzitsa kupanga mizere ndi kuthira feteleza. Chilichonse tinkachiwombera m'manja, ngakhale ng'ombe ikangodutsa pachinsalupo. Amenewo ndiwo adali mafilimu oyamba a zochitika zenizeni omwe ndidaona, opanda anthu azisudzo, koma za kunja kwa Malawi sadatibweretsere.

Tsono m'chaka cha 1974, chaka chomwe ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha abale athu ochokera ku migodi, ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Pakhonde pa sitoloyo pankakhala atelala ena achikulire, obwerera ku Joni, okonda chipewa cha nthenga pambali ndi nkhani za nkhonya. Kuyambira mu Seputembala makina awo ankalira pang'ono, pakamwa ndiye pankalira kwambiri, chifukwa kudamveka kuti Muhammad Ali akamenyana ndi George Foreman ku Kinshasa, m'dziko la Zaire, kuno ku Africa kwathu. Atelala adali a Foreman. Ankati mnyamatayo ali ndi zaka 25 ndipo sadagonjepo, adafafaniza Joe Frazier m'ndime ziwiri, Ken Norton m'ndime ziwirinso, pomwe awiri onsewo adamugonjetsapo Ali. Nanga mdala wa zaka 32, amene adakhala zaka zitatu ndi miyezi osamenya atamulanda lamba mu 1967 chifukwa chokana kupita ku nkhondo ya ku Vietnam, akalimba bwanji? Ankanena akudula ulusi ndi mano, kuti Ali akabwerako m'bokosi. Ife anyamata tidali a Ali chifukwa cha kukamwa kwake ndi kukana kwake kuja, ndipo tidabetcherana nawo nkhuku.

Nkhonyazo zidachitika mbandakucha wa pa 30 Okutobala, 4 koloko ya ku Kinshasa, kuti a ku America aonere nthawi yawo yamadzulo. Ife tidangomva pa nkhani za pa wailesi kuti Foreman wagwa m'ndime yachisanu ndi chitatu. Wagwa bwanji, wamenyedwa pati, palibe adationetsa. Aliyense adadzipangira nkhonya zakezake m'mutu, ndipo m'mabasi munkamveka Ali wosiyanasiyana, wina wouluka, wina wokhwimira ku Zaire komweko. Nkhuku tidadya, atelala akutithandiza ntchafu.

Padapita zaka zoposa makumi awiri kuti maso alandire gawo lawo. Filimu yake ndi When We Were Kings, ya mkulu wina dzina lake Leon Gast, amene adapita ku Kinshasa kukajambula chikondwerero cha nyimbo chotsogolera nkhonyazo, n'kubwerako ndi zithunzi zambirimbiri koma wopanda ndalama zozilumikizira. Adazisunga, akuvutika nazo, mpaka filimuyo idatuluka mu 1996 ndipo chaka chotsatira idapata mphoto ya Oscar. Ine ndidaionera m'kanyumba ka vidiyo ku Ndirande, kamalata kotentha, kamabenchi a matabwa osapala, komwe masiku onse ankaonetsa za karate. Mwini wake adaiyika poganiza kuti ndi ya zibakera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anyamata adayamba kung'ung'udza kuti ikuchuluka zolankhula, ena adatuluka kukafuna ndalama zawo, tidatsala madala ochepa, tsonga pabenchi, thukuta lili kamukamu, wina osatembenukira mnzake.

Adzukulu anga, muifunefune imeneyi. Mudzaona Ali ali m'ndege akudabwa ndi kusangalala kuti oyendetsa ndegeyo ndi anthu akuda, olankhula zinenero zingapo. Mudzamuona akuthamanga m'misewu yafumbi, ana opanda nsapato akumutsatira, khamu likufuula m'Chilingala kuti amuphe Foreman, iye akulitsogolera ndi dzanja. Foreman adatsika ndege ndi chigalu chachikulu cha mtundu womwe apolisi a Chibelgium ankaopsezera nawo anthu nthawi ya atsamunda, ndipo ngakhale adali wakuda kuposa Ali, anthu a ku Kinshasa sadamuyese wawo. Pali pena pomwe akumenya chithumba chophunzirira nkhonya mpaka kuchisiya chitalowa dzenje, ndipo nditaona pamenepo ndidawakhululukira atelala aja, chifukwa munthu wanzeru aliyense akadabetchera Foreman. Ngakhale anthu a Ali enieniwo ankaopa. Mlembi wina, Norman Mailer, akufotokoza m'filimumo kuti m'chipinda chovalira mudali zii usiku umenewo, mpaka Ali yemweyo ndiye adayamba kuwalimbitsa mtima omwe amayenera kumulimbitsa.

Ndalama zake ndiye zinkatizunguza mutu kale lomwe: Don King, wokonza nkhonyazo, adalonjeza aliyense mwa awiriwo madola 5 miliyoni, ndipo zidatheka chifukwa mtsogoleri wa Zaire, Mobutu Sese Seko, ankafuna dzina la dziko lake limveke. Filimuyi simubisa Mobutu. Ikumuonetsa ndi chipewa chake cha kambuku, ndipo ikutchulanso za anthu omwe ankatsekeredwa ndi kuphedwa. Ife a nthawi ya chipani chimodzi tidangoyang'anana pamenepo, osanena kanthu.

Nkhonyazo zimayenera kuchitika pa 25 Seputembala, koma Foreman adachekeka pamwamba pa diso pokonzekera, ndiye zidasunthidwa milungu isanu. Oimba sadadikire. James Brown, B.B. King, Bill Withers, Celia Cruz, Miriam Makeba, Franco ndi Tabu Ley adaimba masiku atatu, ndipo m'modzi mwa okonza zonsezo adali Hugh Masekela. Amene amakonda nyimbo kuposa zibakera apeze filimu inzake, Soul Power ya 2008, yomwe idapangidwa ndi zithunzi zotsala za ulendo womwewo. Ife amene tidatha nsapato ndi rumba ya Franco tidamuona kumeneko akugwira gitala, munthu amene tinkangomudziwa pa chikuto cha mbale ya galamafoni. Chimodzi chokha chomwe sindidakondwere nacho mu When We Were Kings n'chakuti mzungu wina, George Plimpton, akusimba za sing'anga amene akuti adalosera kuti mkazi wonjenjemera manja adzamufoola Foreman, ndipo ojambula akumaika nkhope ya Makeba pamenepo. Mayi uja adali woimba, wothamangitsidwa kwawo chifukwa chonena zoona, sadali wa zimenezo ayi.

Koma nkhonya zenizenizo! M'ndime yoyamba Ali akumufikira Foreman ndi dzanja lamanja mosatsogoza lamanzere, chipongwe chachikulu kwa katswiri, ndipo Foreman akupsa mtima. Kenako Ali, amene dziko lonse limayembekeza kuti avina kuthawa, akukatsamira zingwe, manja kumaso, zigongono kunthiti, n'kumusiya mnyamata uja amenye mpaka atope, uku akumunong'oneza mawu m'khutu. Anthu a pakona yake akufuula kuti achokepo, iye ali phee. Galu wamkota sakandira pachabe. Pofika ndime yachisanu manja a Foreman ayamba kulemera, ndipo kumapeto kwa yachisanu ndi chitatu Ali akuchoka pazingwe paja, zibakera zingapo zofulumira, chamanja chomaliza, chimunthu chija chikupepesuka, kuzungulira, khu! pansi. Anthu 60,000 m'bwalomo adadzuka, ndipo patangopita kanthawi mvula yomwe idadikira nthawi yonseyi idakhuthuka. M'kanyumba ka ku Ndirande mdala wina adaimirira n'kuvula chipewa. Tsiku lolandira Oscar, Ali akunjenjemera ndi matenda a Parkinson, amene adamugwira dzanja pokwera masitepe adali Foreman yemweyo. Onse awiri adatisiya tsopano, Ali mu 2016, Foreman mu 2025.

Za mpira nazonso tidazimva ndi makutu. Tinkapotokola wailesi kufuna Lusaka kuti timve Dennis Liwewe, mwana wobadwira kuno kwathu amene adakakhala mawu a mpira wa Zambia, munthu woti akafuula chigoli mbale zinkagwedera pa thandala. Ndiye pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali yonyamula timu ya Zambia kupita ku Senegal idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Adafa anthu 30, mwa iwo osewera 18 ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Kalusha Bwalya adapulumuka chifukwa ankasewera ku Holland ndipo amayenera kukakumana nawo kutsogolo. Maliro amenewo tidalira nawo, pakuti ku Chipata ndi ku Mchinji ndi mudzi umodzi. Filimu ya Eighteam ikulondola nkhaniyi kuchokera pamandapo: timu yatsopano yomwe idafika mu fainolo ya chikho cha Africa mu 1994 n'kugonja 2-1 kwa Nigeria, mpaka usiku wa pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, pomwe Chipolopolo idagonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba 8-7 pa mapenate, atapita kaye kugombe kukaponya maluwa pamadzi. Mapenate onse adakwana 18, ndipo womaliza adamwetsa Stoppila Sunzu. Muionere pamodzi ndi agogo anu aakazi, koma mpango ukhale pafupi.

Ina yomwe ndimaisunga mumtima ndi Amandla!, ya Lee Hirsch, ya 2002, yosimba momwe nyimbo zidamenyera nkhondo ya tsankho ku South Africa. Amalume athu obwerera ku Joni ankabwera ndi majekete, mabulangete ndi tinyimbo tina tomwe ankang'ung'udza pometa ndevu, osatiuza tanthauzo lake. M'filimumo ndimo ndidamva za Vuyisile Mini, wopeka nyimbo wa mawu a besi, amene adanyongedwa ku Pretoria mu 1964 ndipo akaidi anzake adachitira umboni kuti adapita kuchingwe akuimba. Ikuyamba ndi kufukula mafupa ake m'manda a amphawi kuti akaikidwe mwaulemu. Akulankhulamo Masekela, Makeba ndi Abdullah Ibrahim, komanso amayi wamba amene akungoyamba nyimbo ali pampando, mnzawo n'kulandira, misozi ili chuchuchu koma akuseka.

Musaganize kuti zonse n'zakutali. Kwathu kuno adajambulako William and the Windmill, ya 2013, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002, n'kumakawerenga mabuku ku kalaibulale, mpaka adamanga makina amphepo opangira magetsi ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za kudzala ndi njinga ya bambo ake. Chomwe ndimaikondera n'chakuti simathera pa kuwomba m'manja. Ikumutsatira mnyamatayo kusukulu ku Johannesburg mpaka ku Dartmouth ku America, kutopa kukuoneka pankhope, azungu akumufuna uku, abale akumudikira uku, aliyense ndi pempho lake. Ife amene tidatumizapo mwana kutauni mudzi wonse ukumuyang'ana tikuzidziwa zimenezo. Musaisokoneze ndi ya zisudzo ija ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor, The Boy Who Harnessed the Wind. Imeneyonso ndi yabwino, adayesetsa, koma Chichewa cha ena mwa osewerawo chidawaseketsa agogo anu aakazi mpaka kutsamwa ndi thobwa, ndipo mpaka lero akafuna kundiputa amandipatsa moni m'kalankhulidwe kameneko.