Bokosi la ku Joni

Msuweni wanga akamalowa m'mudzi sayamba wayang'ana anthu. Moni amapereka ndithu, chipewa amavula, koma maso amakhala ali kuseri kwa nyumba, pansi pa nkhokwe, pamwamba pa khola pomwe eni ake anatsindira denga ndi chitsulo chakutha kuti mphepo isasasule. Akaona chinthu, nkhope yake siisintha. Amangondigunda ndi chigongono, basi ndadziwa kuti pano tichedwapo.

Ntchito yake ndi yogula zinthu zakale zomwe anthu anazitaya mtima, n'kuzisandutsa zokongoletsera m'nyumba. Simbi yamakala amaichotsa dzimbiri, kuiboola kumbuyo, kulowetsamo waya ndi babu, imasanduka nyali yapatebulo. Miyendo ya makina osokera a Singer amaikhazika thabwa la paini pamwamba, tebulo latheka. Mbale zachitsulo za Kango, zija achibale ankabwera nazo kuchokera ku Bulawayo, amaziika mivi pakati n'kukhala wotchi yapakhoma. Kwathu ambiri amamuseka kuti munthu wa satifiketi yake angamatole zinyalala. Iye amangoti, "Asiyeni, lendi ndimalipira ndi zinyalala zomwezo."

Ine ndinamutsatira mu Julayi, nthawi yomwe munthu wanzeru sapita ku Dedza popanda juzi ziwiri. Kuchokera ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1, ndipo mukangodutsa pa Chimbiya mumamva m'makutu kuti mukukwera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibenso tauni ina m'Malawi muno yokwera kuposa pamenepo, ndipo phiri lomwe laiyang'anira limafika mamita 2,198. Tsiku limenelo phirilo sitinalione n'komwe. Nkhungu inali itaphimba zonse, mitengo ya paini ikungodontha madzi, anyamata a kabaza atakulunga mitu m'zitenje za akazi awo.

Ndinamufunsa chifukwa chomwe amakondera Dedza pomwe zitsulo zakutha zili mbwee ku Lilongwe konko.

"Za m'tauni zinapita kale pasikelo, asuweni. Kuno n'kumene zatsala."

Apa ananena zoona. Mdani wake wamkulu pa bizinesi imeneyi ndi anthu ogula zitsulo, aja amayenda ndi sikelo ndi thumba panjinga. Iwo safunsa kuti chinthu n'chachaka chanji kapena chinachokera kuti. Amayeza kulemera, kulipira pa kilo, n'kukaunjika kuti zikasungunulidwe. Wailesi ya Nzeru, yomwe inkapangidwa ku Blantyre konkuno ndipo makolo athu ankamverapo uthenga wa maliro ndi mpira, kwa iwo ilibe ntchito chifukwa ndi yopepuka, ana amangoiphwasula kufuna maginito. Simbi yamakala ndiye amaikonda, poti imalemera.

Komanso boma la Dedza lili ndi mbiri ya anthu oyenda. Malire ndi Mozambique ali pafupi kwambiri, moti kumwera kwa tauni msewu wa M1 umayenda m'malire mwenimweni: mukafika pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, mutha kugula kachewere ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula tomato ku Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya m'dzikolo, mpaka pomwe anasainirana mtendere mu 1992, midzi ya kuno inalandira anthu ambirimbiri othawa kwawo, ena atasenza mipando, miphika ndi makina osokera. Kale kuposa apo, amuna ankapita ku Halale ndi ku Joni. Aliyense wobwerako ankabwera ndi kanthu, ndipo kanthu kaja kali penapake mpaka lero, mwina kakutchinga bowo la khola la nkhumba.

Tsiku loyamba tinazungulira mumsika wa pa boma. Kwa mkulu wina wokonza maloko ndi matochi tinapeza kachitini ka ndalama zakale, ndipo m'katimo munali makobiri oboola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja ali ndi njovu ziwiri zitaimirira. Kwacha inayamba mu 1971, ndiye ganizani zaka zomwe makobiri amenewa akhala osagula kanthu. Mkuluyo ankawagwiritsa ntchito ngati mawashala pokhoma malata. Msuweni wanga amawatsuka ndi mandimu ndi phulusa, kuwalowetsa m'kachingwe kachikopa, atsikana a ku Area 47 n'kumavala m'khosi. Tinagula khumi ndi awiri.

Pomwepo panabwera mnyamata wina, n'kutikokera pambali. Anati ali ndi katundu weniweni, wakale zedi, azungu amamufuna. Atamasula thumba tinaona chigoba cha gule, chakuda ndi utsi, nthenga zili pomwepo. Msuweni wanga sanachikhudze. Anangoti, "Achimwene, bwezani komwe mwachitenga," n'kutembenuka. Tili panjira anandiuza kuti pali zinthu zitatu zomwe sagula ngakhale atamupatsa ulere: za kudambwe, za kumanda, ndi chilichonse chochokera m'mapanga a Chongoni. Amene akufuna zosema za gule apite ku Mua, ku Kungoni, komwe amisiri akhala akusema zogulitsa kuyambira 1976 pomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malowo. Za ku Chongoni ndiye n'zoletsedwa ndi lamulo lomwe. Malo 127 a zojambula pamiyala m'derali analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali. Ndinakafikako ku Chencherere madzulo a tsikulo, ndipo chomwe chinandiwawa n'kuona maina a anthu olembedwa ndi makala pafupi ndi zojambula zomwe zakhala pamenepo zaka mazanamazana. Kaya amafuna tiwadziwe kuti atani.

Koma nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani inachitika tsiku lachiwiri, kumudzi wina cha ku Bembeke.

Msuweni wanga ali ndi anyamata m'midzi omwe amamutumizira zithunzi pa WhatsApp akaona chinthu. Mmodzi anali atatumiza chithunzi cha bokosi lachitsulo, lija amuna ankabwera nalo kuchokera kumigodi, ndipo mtengo anali atagwirizana kale, K15,000. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, kudutsa minda ya kachewere ndi nyemba, mphepo ikucheka makutu. Titafika tinapeza bokosilo atalitulutsa kale panja, kuseri kwa khitchini. Linali lakuda, lokhala ndi mizere yofiira ndi yachikasu yomwe inali itafwifwa, ngodya imodzi itaphwanyika. Potsegula, chivundikiro chonse m'kati chinali chomatidwa mapepala a m'magazini akale a ku South Africa, akazi ovala zipewa, galimoto zazitali, ndipo pakati penipeni panali kachithunzi ka mwamuna wovala jekete lalikulu kuposa thupi lake. Ndinaona dzanja la msuweni wanga likunjenjemera pang'ono. Bokosi lotere, lamapepala ake osang'ambika, anali asanalipezepo.

Ndalama zinali zitatuluka kale m'thumba pomwe agogo anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa.

"Kodi alendowa akutani ndi bokosi langa?"

Mnyamata uja anayamba kuyankhula zambirimbiri, zoti bokosi langokhala, zoti ladzimbiri, zoti ndalama yake agulira agogo omwewo shuga. Agogo sanamuyang'ane. Analoza pakhonde pomwe panali mulu wa nyemba pachiguduli, ndipo m'pamene tinazindikira kuti mdzukuluyo anakhuthula mbewu ya agogo ake kuti atigulitse bokosi. Zaka zonsezi mbewu imasungidwa mmenemo chifukwa khoswe saboola chitsulo.

Ine manyazi anandigwira, ndinkangofuna tikwere njinga tizipita. M'mutu mwanga nkhani ndinali nditaimaliza kale: mayi wamasiye, chikumbutso cha mwamuna wake, ife akuba a m'tauni. Tinapepesa, agogo anatiyalira mphasa, ndipo atakhala pansi anatifotokozera. Amuna awo anapita ku Joni kawiri kudzera ku Wenela. Ulendo wachiwiri anabwerako nthawi yomwe Kamuzu analetsa za Wenela, ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Iwo sanali m'ndegemo. Anabwera ndi bokosili, bulangete, wailesi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka kumwalira. Wailesi inagulitsidwa chaka cha njala, bulangete anawafunditsa popita kumanda.

Kenako anatembenukira kwa msuweni wanga.

"Nanga inu bambo, mukalitenga mukalitani?"

Anawaonetsa pafoni zithunzi za mabokosi ena omwe anakonzapo: kupala dzimbiri ndi sandipepa, kupaka vanishi osafafaniza utoto wakale, kuwotcherera timiyendo tinayi, pamwamba galasi. Tebulo la pabalaza. Agogo anayang'anitsitsa, n'kuitanitsa foni kuti aigwire okha.

"Ndiye mukagulitsa zingati?"

Funso limeneli ndi lomwe aliyense wochita bizinesi imeneyi amaliopa. Phindu lonse lagona pakuti wogulitsa sadziwa zomwe wogula wa ku Lilongwe angalipire. Msuweni wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku. Akanatha kunama, agogo sakanadziwa. Koma anatchula mtengo weniweni, womwe unali kuposa kakhumi ndalama zomwe anapangana ndi mdzukulu uja, n'kuyamba kuwerengera zomwe amawononga: galasi, vanishi, wowotcherera, thiransipoti, ndi miyezi yomwe katundu amatha kukhala osagulidwa.

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu a m'tauni ndalama zikuwayabwa eti? Bokosi la nyemba!"

Zomwe ndinkayembekezera, zoti akana ndi misozi, sizinachitike. Anayamba kutsatsa malonda ngati mayi wa pa Lizulu. Choyamba, ndalama ikhale K50,000, ndipo ilowe m'manja mwawo, mdzukulu asaione. Chachiwiri, tiwagulire chigubu chachitsulo chokhala ndi chivundikiro chothina, chifukwa mbewu singagone pakhonde. Bokosi silichoka pakhomo chigubu chisanafike. Chachitatu, anaitanitsa mpeni, n'kuyamba kutokosa pang'onopang'ono m'mbali mwa kachithunzi kaja mpaka kanamatuka. Anakapukuta pachitenje, n'kukalowetsa m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi.

"Akazi azipewawo tengani, sindikuwadziwa. Awa ndiye ayi."

Msuweni wanga anayesa kudandaula kuti chithunzicho ndiye mtima wa bokosi lonse, kuti ogula amafuna nkhani. Agogo anati nkhani akufuna awauze ndi pakamwa, yaulere. Pachivundikiro panatsala kabwalo koyera, kamakona anayi, pomwe pepala la pansi silinaonepo dzuwa zaka makumi asanu.

Tinabwerera ku boma kukasaka chigubu, ndipo tsiku linathera pamenepo. Usiku, tikudya tchipisi cha pachiwaya pafupi ndi depoti, manja tikuwotha pamoto womwewo, msuweni wanga anali chete. Kenako anati phindu pabokosi limeneli latsika kwambiri, mwina angobweza ndalama zake basi. Ndinamufunsa ngati akudandaula kuti ananena zoona. Anati sakudziwa. Anati akamauza aliyense mtengo wa ku Lilongwe bizinesi itha mwezi umodzi, koma akamabisa ndiye akusiyana pati ndi wasikelo uja, kupatula kuti iye amapaka vanishi. Ine ndilibe bizinesi, n'chapafupi kwa ine kuweruza. Chomwe ndinaona n'chakuti mwa anthu onse omwe tinawagula zinthu masiku awiriwo, agogo aja okha ndi omwe anafunsa funsolo. Mkulu wa makobiri uja sanafunse, ndipo ife sitinamuuze.

Ogula ambiri a msuweni wanga ndi eni malo ogona alendo, Amalawi okhala kunja omwe amabwera patchuthi cha Disembala, ndi achinyamata apantchito omwe amaona katundu pa Instagram n'kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Alendo odutsa pa M1 nawo amathandiza, poti ambiri amaima pa Dedza Pottery, yomwe yakhalapo kuyambira 1987, kumwa khofi ndi kugula makapu, ndipo munthu amene waima kale kuti agule chadothi savuta kumuonetsa nyali ya simbi. Chodabwitsa n'chakuti achinyamata omwe amagula kwambiri ndi omwe anakulira m'nyumba zomwe zinthu zimenezi zinatayidwa. Wina anagula wotchi ya mbale ya Kango n'kunena kuti mbale yotere ndi yomwe ankadyera kwa agogo ake ku Ntcheu, ndipo ankadana nayo chifukwa inkaotcha zala.

Mmawa wake tinamangirira chigubu panjinga n'kubwerera ku Bembeke. Agogo anachigogoda, kuchinunkhiza kuti mwina munali mafuta, kuyesa chivundikiro katatu. Atakhutira anathiramo nyemba zawo, ndalama anawerenga kawiri n'kumanga pakona ya chitenje. Mdzukulu anali atazimiririka.

Tikunyamula bokosi anatiimitsanso.

"Mukamaliza kulikonza mudzandionetse. Osati pafoni, maso angawa. Mudzatsukitse chithunzi chenicheni."

Bokosilo linatha kukonzedwa mu Seputembala. Msuweni wanga sanamate kanthu pa kabwalo koyera kaja, anangopakapo vanishi momwemo, ndipo aliyense wolitsegula amafunsa kuti panali chiyani. Mpaka pano silinagulidwe, anthu awiri anafika pafupi koma anathawa mtengo. Chithunzi ndinatsukitsa ine, chili mu envulopu m'chikwama changa chakuntchito. Ndimati ndipita mvula isanayambe, koma yayamba kale, ndipo njira ya kumudzi kuja ikanyowa anyamata a kabaza amakana.