Hulk analibe kwawo, ine kwathu ndi ku Chama

Ntchito yanga kuno ku Leeds ndi yosamalira okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwapatsa mankhwala, ndipo masana ntchito ikachepa ndimakhala nawo m'chipinda chochezera momwe muli TV yaikulu. Pakati pawo pali agogo ena aamuna amene ana awo anawabweretsera katoni yodzaza ndi ma DVD a Doctor Who, sewero la BBC lomwe linayamba kuonetsedwa pa 23 November 1963. Ndi nkhani ya mlendo wotchedwa Doctor, wochokera ku dziko lina lakutali mumlengalenga, amene amayenda m'bokosi la telefoni ya apolisi, lero n'kutulukira m'zaka zamakedzana, mawa m'zaka zimene sizinafike. Magawo oyamba onse, mpaka 1969, zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera basi.

Agogowa amaiwala zambiri, nthawi zina ngakhale dzina la mdzukulu wawo, koma za seweroli saiwala. Amadziwa kuti woyamba kusewera Doctor anali William Hartnell, ndipo Patrick Troughton anamulowa m'malo mu 1966. Iwo mtima wawo uli pa Troughton. Agogo ena aakazi amene amakhala pampando woyandikana nawo amatsutsa, amati makoma a m'seweroli amagwedera ndipo zilombo zake zimachita kuonekeratu kuti ndi anthu ovala zinsalu. Amatsutsana motsitsa mawu, tiyi akafika nkhani n'kuthera pomwepo.

Agogo aamuna aja atamva kuti ndine wa ku Zambia, anandigwira dzanja n'kufunsa ngati kwathu kulibe nyumba yosungiramo mafilimu akale. Funsoli lili ndi pochokera. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1978, BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina, moti magawo ambiri a Hartnell ndi Troughton anatayika. Ena anapulumuka chifukwa anali atakopedwa pa filimu n'kugulitsidwa kunja, ku mayiko monga Australia, Hong Kong, Nigeria ndi Zambia yemwe. Nkhani yotchedwa The Tomb of the Cybermen inapezeka ku Hong Kong, ndipo mu 1992 anthu anaigula pa tepi. Mu 2013 magawo 9 anapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, m'chipinda cha pasiteshoni ya TV, ndipo amene anawafukula ndi Philip Morris. Kuyambira pamenepo okonda seweroli akamva dzina la dziko la mu Africa, makutu amaima.

Chimene chimandikoka ine ndi momwe maganizo a oonera anasinthira ataona ndi maso awo. The Enemy of the World, imodzi mwa za ku Jos zija, momwe Troughton amasewera anthu awiri, Doctor ndi wolamulira wankhanza Salamander, anthu ankainyoza isanapezeke yonse. Ataionera anayamba kuitama. Ya ku Hong Kong ija ankaitama isanapezeke, koma itabwera ena anakhumudwa ndi Toberman, munthu wakuda wa m'nkhaniyo, amene anamupanga kukhala wantchito wamphamvu wosalankhula kwenikweni. Ndinaionera pamodzi ndi agogowa, ndipo ndinawauza poyera kuti mbali imeneyo inandipweteka. Anagwedeza mutu, sanatsutse.

Za funso lawo lija, ndinawayankha kuti seweroli linadutsadi m'dziko lathu, koma kwathu ku Chama silinafike. TV ya ku Zambia inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri inali ya anthu okhala m'mbali mwa njanji. Ife a m'chigwa cha Luangwa, kutsidya kwa Lundazi, tinkangomva kwa obwera kuchokera ku migodi kuti kuli bokosi loonetsa anthu. Zathu zinabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1990, pa matepi amene achibale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt ankajambula pa TV zawo n'kutumiza ndi basi.

Pafupi ndi msika panali nyumba ya vidiyo. Mazenera ankatseka ndi mphasa, mkati muli mabenchi, kumbuyo jenereta ikulira, sipika ataiika panja kuti odutsa akopeke. Mwezi wa October m'chigwa mumatentha moti malaya amamatirira pamsana, koma palibe amene ankatuluka. Mafilimu a karate ndiwo ankadzaza nyumba, koma panalinso matepi ena otha, a mizere yoyera, okhala ndi magawo a Knight Rider, The Six Million Dollar Man ndi The Incredible Hulk, osatsatana, ena odukira pakati pomwe tepi inathera. Mnyamata wina wa ku sekondale ankakhala kutsogolo n'kumamasulira m'Chisenga, ndipo akamasulira molakwa aphunzitsi amene analipo ankamukonza mokweza.

Kuonera kwathu kunali kulankhula. Munthu sankadikira kuti filimu ithe kuti anene maganizo ake. Michael Knight akamalankhula ndi galimoto yake yakuda ija, KITT, madalaivala ankatsutsana ngati ingadutse msewu wa ku Lundazi nthawi ya dzinja, mitsinje itadzaza. Wina ankati idzalumpha, wina ankati yatsika kwambiri, idzakhala pamatope pamtsinje woyamba. Steve Austin wa mu The Six Million Dollar Man, amene madokotala anamuika miyendo, mkono ndi diso lamakina atachita ngozi, anautsa nkhani ina. Amalume anga, amene anagwirapo ntchito ku mgodi ndipo anaona anzawo akudulidwa ziwalo, ankakhala chete pa filimu imeneyo. Tsiku lina tikubwerera kunyumba anangoti boma limene lakuika mwendo limakhala mwini wake wa mwendowo, ndipo munthuyo sadzapumanso. Kuno ndamva anthu ambiri akukamba za seweroli, koma wonena zakuya kuposa zimenezo sindinakumane naye.

Koma amene anagawa anthu kwambiri ndi Hulk. Seweroli linajambulidwa ku America kuyambira 1977 mpaka 1982. Bill Bixby ankasewera David Banner, dokotala wofatsa amene akapsa mtima amasanduka chimunthu chobiriwira, ndipo amene ankasewera chimunthucho ndi Lou Ferrigno. Ife anyamata tinkadikira pamene malaya akung'ambika, n'kuimirira pa mabenchi kukuwa. Alimi ankati mkwiyo wake ndi wa njovu yolowa m'munda wa mpunga: siisankha, imangopondaponda, koma ukaisiya imadzichokera yokha. Azakhali anga ankati munthuyo ndi wodwala, ali ndi mizimu, akanakhala wa kwathu akanamuimbira ng'oma za vimbuza n'kupeza bwino. Sankanena moseka. Ankamumvera chisoni, ndipo chimene chinkawapweteka kwambiri ndi mathero a gawo lililonse. Banner akathandiza anthu a pamalo pamene wafikira, sangakhalepo, chifukwa mtolankhani wina akumulondola. Amanyamula kachikwama kake n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa msewu, akuimika magalimoto, nyimbo ya piyano ikulira. Azakhali ankafunsa kuti kodi munthu ameneyu alibe abale, alibe mfumu, alibe manda a makolo ake? Akadzafa adzamuika ndani?

Nthawi imeneyo funsolo ndinkaliona ngati la akuluakulu. Lero ndi langa. Ndinagula ma DVD a seweroli, magawo onse, oyera bwino, opanda mizere, Chingerezi chake ndikumva ndekha popanda womasulira. Ndimaonera m'chipinda changa ndikaweruka, kunja kutada kale pa 4 koloko masana m'mwezi wa December. Malaya akang'ambika palibe wokuwa. Banner akanyamula chikwama ndimazimitsa, chifukwa misozi imabwera. Zithunzi zonse ndili nazo, koma anthu amene ankazipatsa moyo ali kutali, ndipo ena, monga amalume aja, anatisiya ine ndili kuno, maliro ndinangomvera pa foni.

Zambiri za kwathu tsopano ndimamvera pa foni. Mu 2011 Chama anaipititsa ku chigawo chatsopano cha Muchinga, mu 2021 anaibwezera ku chigawo cha kum'mawa. Mwambo wa Kwenje ukamachitika kwa Mfumu Yaikulu Kambombo, amanditumizira tizidutswa ta vidiyo pa WhatsApp, ng'oma zikumveka mosweka. Mpunga umene ndimagula kuno ndi wochokera ku India ndi ku Thailand. Ndi wabwino, koma suli ndi fungo la mpunga wa ku Chama, umene ukaphikidwa nyumba imodzi oyandikana nawo onse amadziwa.

Pa matepi a m'nyumba ya vidiyo aja panalinso magawo ochepa a Star Trek, ya pakati pa 1966 ndi 1969. Amuna ankakangana za Spock, ngati munthu wosaseka ndi wosalira angakhale bwenzi lenileni. Alongo anga maso awo anali pa Uhura, mayi wakuda wokhala m'chipinda cha atsogoleri a chombo cha mumlengalenga, ali ndi udindo wakewake, akulankhula ena n'kumamvera. Ndadzadziwira kuno kuti Nichelle Nichols, amene ankasewera Uhura, anafuna kusiya koma Martin Luther King anamulimbikitsa kuti apitirize, ndiponso kuti Mae Jemison, mayi wakuda woyamba kupita mumlengalenga mu 1992, ankamuonera ali mwana. Alongo anga sankadziwa zonsezi, koma chimene anaona Jemison nawonso anachiona, atakhala pa benchi ku Chama. Ndicho chifukwa Toberman uja anandipweteka: ndinali nditaona kale kuti m'zaka zomwezo zinali zotheka kuchita bwino.

Achimwene amandiuza kuti nyumba ya vidiyo ija inatsekedwa kalekale, ana amaonera pa foni, aliyense payekha. Sindikuwadzudzula anawo, chifukwa nanenso ndikuonera ndekha. Koma ma DVD angawa ndawalonga, ndipo mnzanga wina amene akupita ku Lusaka nthawi yokolola mpunga wavomera kuwanyamula. Achimwene, akafika musawabise m'sutikesi. Mutulutse TV pabwalo madzulo, muitane oyandikana nawo, azakhali muwapatse mpando wakutsogolo, ndipo mwana mmodzi wa sukulu amasulire. Aliyense alankhule momwe tinkachitira. Mukatero munditumizire mawu pa foni, mundiuze zimene anthu anena za Banner.