Kompyuta Amakusankhira ndi Woikonza

Ndili mnyamata ku Massangulo, palibe amene ankasankha pulogalamu yoyendetsera kompyuta yake. Ankatisankhira ndi wofomata. Makina akadwala unkapita nawo ku Mandimba kapena ku Cuamba, iye n'kutulutsa CD yokandikakandika ya Windows XP, ndipo funso linali limodzi: "Ya Chipwitikizi kapena ya Chingerezi, abwana?" Funsolo silinali lamasewera. Laputopu zolowera pa malire a Chiponde zinkabwera ndi kiyibodi yopanda ç ndi ã, pomwe kalata yopita kuboma imafuna zilembo zimenezo. Microsoft inasiya kusamalira XP mu 2014, ife tinangopitiriza nayo.

Zenera lakuda la Windows lolembapo malamulo tinalidziwa chifukwa cha vairasi ya m'mafulashi, imene inkabisa mafayilo onse n'kusiya timashotikati. Mankhwala ake anali mzere umodzi: attrib -h -r -s /s /d. Tinkakoperana m'makope ngati mankhwala a agogo, osafunsa kuti mwasakanizidwa chiyani. Mafayilo akabwerera, munthu ankadziona katswiri, ndipo ngozi inkayambira pomwepo.

Zeneralo silinyengerera. Ukafufuta fayilo ndi del, sipita ku Reciclagem kuti mawa uitole. Dzina lokhala ndi mpata pakati, monga Pauta final.doc, limawerengedwa ngati mayina awiri ukapanda kulitsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Fulashi imene lero ndi E: mawa imakhala F:. Choopsa kwambiri chinali diskpart, chida chokonzera madisiki. Mphunzitsi wina, mnzanga, anapereka laputopu kwa mnyamata kuti amukonzere fulashi yokha. Mnyamatayo anasankha disiki yolakwika, yosungira zinthu, n'kulemba clean. Makinawo sanafunse ngati watsimikiza. Malikisi a ana a chaka chonse anapita, aphunzitsi n'kuyambanso kufukula mapepala m'makatoni.

Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, inkatumiza ma CD aulere pa positi mpaka 2011. Ndinaikonda: vairasi ya fulashi sinkaigwira, ndipo sinkafuna kiyi yakuba. Koma pulinta ikakana, woti umufunse kunalibe, ndipo nakonso mpata umodzi wolakwika pa lamulo lofufutira la rm -rf umasesa zimene sunafune. Anthu anabwerera ku Windows. Sindiwanena. Munthu amagula chimene mnansi wake angamukonzere.

Kampani ya mafoni ya Movitel itayamba mu 2012, nkhani inasamukira m'thumba. Lero mlimi wa fodya pogula Tecno kapena itel amafunsa za batire ndi mtengo basi. Sadziwa kuti Android imene wanyamula yakhazikika pa Linux yomwe tinkaithawa ija, ndipo kusadziwako sikumuvutitsa.

Laputopu ndi zimene zatsala pamphambano. Windows 10 inasiya kusamalidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 kamene makina ambiri akale a kaunjika alibe. Makina amenewa akadali ndi mphamvu, ndipo Linux Mint imayenda bwino pa ambiri a iwo. Chosowa n'chakale chomwe chija, munthu wapafupi woidziwa.

Ndiye inu anyamata ofomata a ku Mandimba ndi ku Cuamba, phunziraninso Linux, makasitomala akubwera. Ndipo musanadine Enter pa makina a eni, kopani kaye mafayilo awo, muwerenge kawiri nambala ya disiki.