Akakutumani hedi ya njinga yamoto ku Joni

Ife tili ku Mabvuku kuno ku Harare, geni yathu ndi ya masipeya, timakaoda ku Joni kudzera pa Beitbridge. Masiku ano anthu akumatituma hedi ya injini ya njinga yamoto atangotumiza chithunzi pa WhatsApp. Chonde abale, oda yotere musamalandire ndalama musanafunse bwino.

Njinga yomwe timaidziwa bwino ife ndi Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975. Amalume athu ali nayo yakalekale, imawanyamulira matimati kuchokera ku Mbare Musika. Ikangoima, kunyumba ndiye kuti kulibe ndiwo. Itayamba kutulutsa utsi wabuluu poiliza m'mawa, n'kumafooka pachitunda, aliyense ankati gulani hedi yatsopano basi.

Makaniko wina wachikulire ku Gazaland, ku Highfield, anakana. Anamasula hedi, n'kuthira palafini m'mabowo olowera mafuta ndi otulukira utsi, ma valve ali chitsekere. Palafini anadontha mbali ya ekizozi, kusonyeza kuti valve imeneyo sinkatseka. Atagwedeza valve ndi chala, inkasewera mu gayidi yake, ndipo m'menemo ndi momwe oyilo ankadutsira n'kumakapsa. Kenako anaika hedi pagalasi kuona ngati inapindika ndi kutentha. Inali yowongoka bwinobwino. Tinangogula ma valve awiri, magayidi, masilo ndi gasiketi, zinthu zokwana m'thumba la jekete.

Ntchito yake ndiye yofuna kudekha. Hedi ndi ya aluminiyamu, amaitenthetsa kaye kuti gayidi yatsopano ilowe osang'amba. Akasintha gayidi, malo okhalira valve ayenera kudulidwanso, kenako kupera ndi phala lija la grinding paste mpaka mzere wotuwa uzungulire wonse osadukiza. Phala limenelo likatsalira ngakhale pang'ono limadya injini, choncho muonetsetse kuti atsuka. Pobwezera, manati amamanga mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo mpata wa ma valve ndi 0.08 mm injini itazizira. Makaniko wongoyeza ndi khutu, ife ayi.

Tsono vuto la kuoda ndi ili. Mahedi ambiri otchipa m'mashopu ndi a njinga za ku China zotengera CG. Pachithunzi amafanana ndithu, koma silinda ya 125 ndi 56.5 mm pomwe ya 150 ndi 62 mm, gasiketi yake sigwirizana. Komanso Honda XL125 ndi injini ina: camshaft yake ili mu hedi momwemo ndipo imayenda ndi tcheni, pomwe CG imakankha ma valve ndi timitengo tachitsulo. Wogulitsa akangomva "125" akupatsani yomwe ili pafupi. Mwalipira transipoti, mwalipira ZIMRA, mwafika ku Harare chinthu sichikulowa, kasitomala akufuna madola ake, ndipo risiti ili ku Joni.

Choncho ife timanena kuti atipatse valve yakale ndi gasiketi yakale tinyamule, atilemberenso nambala ya injini. Hedi yathunthu timaoda pokhapokha makaniko waona mng'alu pakati pa valve ndi bowo la pulagi. Ngati angotha ndi mazinga a pulagi, amenewo amakonza ndi helicoil konkuno. A ku Blantyre odzera pa Nyamapanda ndi Mwanza, ma valve akalewo muzikulunga mu nsanza padera, oyilo wake amadetsa katundu wa anthu.